Malogi Atatu Odzaza Mofanana

Namwinoyo anali atakhala pa benchi m'chipinda chofunsira mafunso, manja ali pakati pa mawondo, yunifolomu yake yoyera itayamba kufanana ndi khoma. Linali Lolemba, tsiku lake lachinayi ali m'manja mwa apolisi. M'mawa mwake ankayenera kukaonekera kukhoti pa mlandu wopha mwana wa zaka zinayi.

"Nenaninso, achemwali," anatero Sajeni, akumukankhira kapu ya madzi.

"Ndanena kasanu."

"Munauza anzanga. Ine ndangobwerera pantchito lero, ndinali ku tchuthi cha uchembere. Ndiuzeni ine."

Namwino anayang'ana pachifuwa pa Sajeni, pamene panali kadontho ka mkaka kosachoka ndi madzi, ndipo anapuma mozama.

"Linali Lachiwiri, thu koloko masana. Mwana anali atatuluka ku opaleshoni, akulira ndi ululu. Pa sikirini panalembedwa mankhwala, mlingo wake makumi asanu. Faifi ndi ziro. Ndinaona kuti wachuluka. Ndinawathamangira adokotala pakhonde, ndikuti, 'Adokotala, mlingo uwu kwa mwana?' Iwo anati, 'Sisitala, ine ndimalemba, inu mumawerenga.' Ndinabwerera n'kumubaya. Pofika faifi koloko mayi ake anali akugubuduzika pansi."

"Anakumvani ndani pakhondepo?"

"Palibe."

"Koma lero pa sikirini pali faifi yekha, wopanda ziro."

"Zimenezo ndinazidziwa Lachisanu, apolisi atandionetsa pepala. Chichokereni Lachiwiri lija sindinakhudzenso kompyuta, anandiuza kuti ndikapume kunyumba. Ine ndinkadziwa kuti ndabaya zimene zinalembedwa, basi."

"Kunyumba munauzako munthu?"

"Ndiuze ndani? Pakamwa panga panali potseka. Mapasa anga ankandikoka siketi ine ndili ndwii." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma pitani kwa bambo a mapasa. Iwo ndi injiniya, amayang'anira makompyuta pachipatala pomwepo. Amanena okha kuti makina aja saiwala. Munthu akangosintha nambala, zimalembedwa mu logi, dzina lake ndi nthawi yomwe. Akatsegule logi, muone amene anachotsa ziro."

Sajeni anatseka faelo ya mlandu pang'onopang'ono. Sankafuna kuti akhale iye wonena, koma m'chipindamo munalibe wina.

"Logi ya sabata imeneyo yasowa, achemwali."

Kapu inagwa. Namwino sanayang'ane n'komwe madzi akumuyenderera m'nsapato.

*

Dokotala anamulandira Sajeni ataimirira, dzanja limodzi lili kale pachitseko. Anali munthu wonunkhira sopo wodula, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Sajeni, ndili ndi odwala khumi ndi awiri panja. Ndinalemba faifi. Sikirini ikuti faifi. Sisitala anabaya fifite. Kutopa, mwina mapasa sakumugoneka, sindikumuweruza. Koma mwana wa eni ake wafa."

"Akuti anakufunsani pakhonde."

"Munthu akagwidwa amakumbukira zambiri zimene sizinachitike."

"Nanga logi yapita kuti?"

Dokotala anaseka pang'ono, ndi mphuno. "Mukafunse mdala wa kunsi uja, a Matepi. Zaka zino munthu akufufutabe mafaelo pamanja, maso omwewo akuona utsi. Wafufuta yolakwika, mwachidziwikire. Ife takhala tikunena kuti ntchito imeneyo aisiyire makina. Amene ndikumumvera chisoni ndi injiniya, mwamuna wa sisitala. Mnyamata wabwino. Lachinayi ndinachita kutsika kukamulimbitsa mtima."

Sajeni analemba m'kabuku kake: Lachinayi, anatsika. Sanadziwe kuti walemberanji. Dzanja linangolemba, monga limachitira ukamva mwana watsokomola mwachilendo.

*

Chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga zolemba zonse, chinali pansi pa chipatala, kuseri kwa kochapira. Munkazizira ngati m'firiji ya nyama. Makabati anayi akuda ankalira mosalekeza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Pakona panali tebulo, ndipo patebulopo panali mabuku a sukulu a chikuto cholimba osanjikizana mpaka kufika pachigongono, lililonse lomangidwa ndi labala.

Amene ankatchedwa a Matepi anali nkhalamba yowonda, ya juzi ziwiri ndi magalasi okhuthala. Injiniya anali atakhala pa mpando wa mateyala, ndevu zosameta, maso ali psuu. Ataona yunifolomu anaimirira.

"Mkazi wanga akudya?" anafunsa. "Ndinamutumizira chakudya dzulo, chinabwerera."

"Sakudya," anatero Sajeni. "Bambo, inu a Matepi, ndifotokozereni ngati mukufotokozera munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Logi n'chiyani?"

Nkhalamba inakonza magalasi. Inkalankhula mosafulumira, ngati ikuwerenga kalata ya maliro.

"Mayi, sikirini imakuonetsani za lero zokha. Logi ndi faelo imene seva imalembamo mbiri. Uyu analemba chakuti, uyu anasintha chakuti, nthawi yakuti. Siilumpha kanthu. Koma imakula, ndiye pamafunika munthu woitseka n'kutsegula ina. Ine Lachisanu lililonse, folo koloko, ndimatseka yakale, ndimatsegula yatsopano. Yakaleyo ndimaikopera pa tepi, tepi ndimailemba nambala, ndimaika mu sefa yachitsulo yokhoma. Ndikatero m'pamene ndimaifufuta mu seva kuti malo apezeke. Kenako ndimalemba m'buku umu. Zaka khumi ndi chimodzi."

"Ndipo njira ina ndi iti? Adokotala akuti makina akhoza kuchita okha."

"Akhoza," anayankha injiniya, mawu ali osasa. "Pali pamene umangosintha mawu amodzi, kuchoka pamanja kupita pa otomatiki. Faelo ikadzaza kufika pa mlingo, seva imatseka yokha, kutsegula ina, n'kufufuta yakaleyo. Sipafunika munthu. Chaka chatha achikulirewa anapita kumaliro a mlongo wawo, anakhalako milungu isanu. Logi inakula mpaka kudzaza disiki, nkhokwe ya seva. Chipatala chonse chinaima theka la tsiku, kolandirira mankhwala anthu anafola mpaka pageti."

"Chinaima, inde," anatero a Matepi. "Koma palibe chinatayika. Makina akamataya safunsa kuti kodi mwasunga. Ali ngati wantchito wakhama amene amakolopa n'kutaya ndi mphete yomwe."

"Takhala tikukangana chaka chonse," anatero injiniya. "Amapambana ndi iwo. Pano zili pamanja."

"Amene angasinthe mawu amodziwo ndi angati?"

"Awiri," anatero a Matepi. "Ine ndi mwana wangayu. Sindinamubale, koma ndinamuphunzitsa kugwira tepi asanamere ndevu."

"Nanga Lachisanu lapitali munapeza chiyani?"

"Ndinabwera kudzatseka logi nambala 612, imene ndinatsegula sabata yapitayo. Imeneyo ndiyo inali ndi za Lachiwiri. Sindinaipeze. Pa tepi sinafike."

"Akuti munaifufuta molakwitsa."

"Mwina. Maso anga atha, mayi. Lachinayi lonse masana ndinali kumtunda kwa a maso, anandithira mankhwala otanula, ndinatuluka ndikugwira khoma. Mwina ndakalamba basi."

Sajeni anaiyang'ana. Anaonapo anthu ambiri akukana milandu. Munthu wothamangira kuvomera mlandu umene sanamufunse bwinobwino anali asanamuone.

"Ndisindikizireni mndandanda wa malogi onse a miyezi itatu. Ofufutidwa omwe amaoneka?"

"Dzina, nthawi ndi kukula kwake zimatsala," anatero a Matepi. "Zam'kati ndiye ayi."

Anachedwa kudina batani. Pepala litatuluka, analipinda kawiri asanalipereke, ndipo sanayang'ane injiniya.

*

Mabere anali atayamba kumuwawa kuyambira ali kwa dokotala. Sajeni anapempha kiyi wa kachipinda kosungira mabulangete, anakhoma, anakhala pa mulu wa mashiti n'kutulutsa pampu ndi mabotolo m'chikwama. Mwana wake anali kwa apongozi, ndipo apongozi anali atanena kale kuti mabotolo atatu, osachepera, apo ayi abwere adzamutenge yekha mwana wake.

Anayala pepala lija pabondo kuti aziwerenga uku akukama. Manambala ankatsika mizere mizere. Logi 603, Lachisanu, 16:02, kukula 341. Logi 604, Lachisanu, 16:00, kukula 298. Ina 415. Ina 377. Sanaone chilichonse. Iye manambala ankawadziwa a pa sikelo ya mwana ndi a pa botolo.

Anamaliza botolo lachitatu n'kuwaimika pa shelefu. Loyamba linafika pa 110. Lachiwiri pa 85. Lachitatu, atalimbana nalo, pa 60. Apongozi adzanenanso kuti sadya mokwanira. Chibadwire mwanayo, sanakameko mabotolo awiri ofanana. Zofanana ndi za m'sitolo zokha, zimene amathira ndi makina.

Dzanja lake linaima pa chivindikiro.

Anatenganso pepala, n'kulitambasula pamene a Matepi anapinda. Mzere wopindawo unadutsa ndendende pa mizere itatu yomaliza.

Logi 612, Lachinayi, 14:41, kukula 2000.
Logi 613, Lachinayi, 15:09, kukula 2000.
Logi 614, Lachinayi, 15:37, kukula 2000.

Sinasowe imodzi. Zinasowa zitatu. Ndipo Lachinayi masana, nkhalamba ija inali kumtunda, maso atatanulidwa, ikugwira khoma.

Anakumbukira namwino akuti, pitani kwa bambo a mapasa. Anamanga mabatani a malaya molakwitsa, anamasula, anamanganso.

*

Anawapeza monga anawasiyira. Sajeni anaika mabotolo atatu a mkaka pa tebulo, pambali pa mabuku, n'kuika pepala patsogolo pake.

"Pepani, firiji kulibe, ndipo muno mukuzizira bwino," anatero. "A Matepi, pa zaka khumi ndi chimodzi munatsekapo malogi awiri ofanana kukula?"

Nkhalamba inavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi.

"Bambo, ndakufunsani."

"Ayi, mayi. Ine ndimatseka poyang'ana wotchi. Sabata ina odwala amachuluka, ina amachepa."

"Nanga chimene chimatseka poyang'ana mlingo ndi chiyani?"

Sajeni anatembenukira kwa injiniya. Makabati ankangolira.

"Mlingo wa seva iyi ndi bwanji, injiniya?"

"Zikwi ziwiri." Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Sabata yathunthu chipatala chonse chimalemba mazana atatu kapena anayi. Lachinayi zikwi ziwiri zinadzaza m'mphindi zosakwana makumi atatu, katatu. Munathiramo chiyani?"

"Mayi," anatero a Matepi, "lembani kuti ndine. Ine ndatsala ndi miyezi isanu kuti ndipume pantchito. Uyu ali ndi ana awiri oyamwa chala, mayi wawo ali m'chitolokosi."

"Munadziwa liti?"

"Lachisanu lomwelo. Ndinasiya 612, ndinapeza 615. Nditatsegula, pamwamba pake panali wodwala wabodza amene timayesera makina, kulemera kwake kukusinthidwa kambirimbiri, ngati munthu akutsegula ndi kutseka mpopi. Ndinadziwa dzanja lake. Ndinamuphunzitsa ndine."

Injiniya anatsetsereka pa mpando mpaka kukhala pansi, msana uli pa kabati.

"Ndikanafufuta pamanja, seva ikanakana," anatero. "Faelo yosasungidwa pa tepi imafunsa kawiri, n'kulemba dzina la wofufutayo. Ndiye ndinaika pa otomatiki, n'kuidzaza kuti itaye yokha. Ndinkafuna imodzi basi. Ndinalephera kuimitsa pulogalamu imene inkadzazayo, inadya zina ziwiri. Kenako ndinabwezera pamanja."

Sajeni anakoka mpando wa mateyala uja n'kukhalapo.

"Mkazi wanu amene. Munamukwiyira chiyani?"

Injiniya anadzutsa mutu, nkhope ili yodabwa zenizeni. "Kumukwiyira? Ndinkamupulumutsa."

"Kumupulumutsa bwanji?"

"Anasintha nambala, Sajeni. Atalakwitsa kubaya, anachita mantha, anakalowa mu kompyuta n'kuseweretsa nambala kuti zioneke ngati analakwitsa ndi adokotala, kenako anaibwezera. Logi ikanatsegulidwa, dzina lake likanapezeka. Kulakwitsa kubaya ndi ngozi, koma kusintha zolemba ndi ndende yeniyeni."

"Munaziona nokha mu logimo?"

"Sindinatsegule. Sindikanatha kuona dzina lake pamenepo."

"Ndiye munadziwa bwanji?"

"Anandiuza adokotala."

"Liti?"

"Lachinayi, itangokwana wani koloko. Anatsika kuno, achikulirewa atapita kwa a maso. Anatseka chitseko. Anati, 'Mphwanga, ndikukuuza ngati mbale. Nambala ija yakhudzidwa, ndipo apolisi akabwera adzafuna logi. Ganizira ana ako.'"

Sajeni anatsegula kabuku kake. Mawu awiri aja anali pomwepo, m'kalembedwe kake kothamanga. Lachinayi, anatsika.

"Injiniya, mverani bwino. Apolisi anafika pachipatala pano Lachisanu m'mawa. Mkazi wanu anadziwa Lachisanu kuti pa sikirini pali faifi. Asanaone pepala lija, palibe anali atanenapo za nambala yosinthidwa, iye kapena wina aliyense. Lachinayi wani koloko, munthu amene ankadziwa kuti nambala yakhudzidwa anali mmodzi yekha pa dziko lonse."

Sajeni anamuona injiniya akumvetsa. Zinayambira m'maso, n'kutsikira kukamwa. A Matepi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja awiri.

"Dzina limene linali mu 612," inatero nkhalamba, monong'ona, "silinali la mayi a mapasa."

"Ingabwezedwe?" anafunsa Sajeni.

Onse awiri anapukusa mitu.

"Zikwi zinayi za zinyalala zinalembedwa pamwamba pake," anatero a Matepi. "Akanadikira tsiku limodzi. Tsiku limodzi lokha, mwanawe. Lachisanu folo koloko ikanakhala pa tepi, mu sefa, ndipo lero mkazi wako akanakhala akuchapa matewera kunyumba."

Injiniya anakwawira pa bini ya mapepala n'kusanza.

Sajeni anadikira kuti amalize. Anamupatsa kansalu kopukutira mwana kamene kanali m'thumba mwake.

"Logi yapita," anatero. "Chatsala ndi pakamwa panu. Mukanena pamaso pa woweruza zimene mwandiuzazi, tsiku, nthawi ndi mawu a adokotala, ndipo a Matepi akaonetsa pepala ili ndi buku lawo, ndili ndi poyambira kuti mlandu wa mawa uime. Koma mukanena, mwadzimanga nokha. Kuwononga umboni pa mlandu wa imfa si nkhani ya chindapusa. Ntchito yatha, ndipo mwina mukagona kumene akugona iyeko. Mukakhala chete, achikulirewa avomera kale kuti ndi iwo, ndipo mkazi wanu akalowa yekha."

Injiniya anavula chingwe cha khadi lotsegulira chitseko m'khosi mwake n'kuchiika pamwamba pa mabuku a a Matepi.

"Mapasa ali kwa mlamu wanga," anatero. "Wina akamuuze kuti wamng'onoyo sagona popanda bulangete lachikasu."

*

Anafika kupolisi dzuwa likadali pamwamba pa denga. Sajeni analemba sitetimenti yekha, masamba anayi, injiniya n'kusaina tsamba lililonse. Mkulu wa polisi anaiwerenga ataimirira, anakhala pansi, anaiwerenganso, kenako anatumiza galimoto kuchipatala kukatenga dokotala asanaweruke.

"Ndimuone," anapempha injiniya. "Mphindi ziwiri."

Sajeni akanakana. Malamulo ankamulola kukana. Koma anaona kuti ndi bwino mayiyo amve kwa mwini wake kusiyana n'kumva m'khoti, pamaso pa anthu.

Namwino anaimirira ataona mwamuna wake, nkhope ikuwala koyamba pa masiku anayi. "Mwaipeza?"

Injiniya anafotokoza ataimirira pakhomo, maso ali pa simenti. Sanabise kanthu. Namwino anamvetsera osaphethira. Pamene injiniya anafika pa mawu a dokotala, mayiyo anakhala pansi pa benchi pang'onopang'ono, ngati munthu amene wanyamula chinthu choti chingasweke.

Panja wina ankakoka ndowa pa simenti.

"Lachinayi," anatero namwino. "Lachinayi munabwera kunyumba sikisi koloko. Munandiphikira tiyi. Munandifunditsa."

"Inde."

"Tinagona bedi limodzi."

"Amake mapasa, ndinkaopa kuti—"

"Zaka zisanu ndi ziwiri tili pa banja, bambo a mapasa. Munthu wachilendo anatsika masitepe n'kukuuzani kuti mkazi wanu wapha mwana n'kunamizira wina. Inu munatenga masana onse kudzaza makina." Mawu ake sanakwere. "Kundifunsa ine kukanatenga mphindi zingati?"

Injiniya anatsegula pakamwa. Namwino sanadikire. Anatembenukira kwa Sajeni, n'kuyang'ana chikwama chimene chinali paphewa pake.

"Mkaka wanuwo uwonongeka, achemwali," anatero. "Pitani mukampatse mwana. Awa atulutseni, ndamva."